Njinga za tonse: tisanatengere za ku London, tiyambe taona ku Jenala

Masiku ano anthu amene anayendako kunja akakhala pocheza, nkhani ya mayendedwe sichedwa kubuka. Mafuta akasowa, mizere ya galimoto n'kutalika pa malo omwetsera, minibasi n'kukweza mtengo kawiri tsiku limodzi, pamapezeka wina wonena kuti: "Anzathu ku London anathana nazo kale izi. Njinga zili mbwee m'misewu, umangotenga, kupalasa, n'kukaisiya kumene ukupitako. Nanga kuno chikuvuta n'chiyani?" Funsoli ndi labwino ndipo sindikuliseka ayi. Koma ndikuona kuti ofunsawo akuponya maso kutali kwambiri. Njinga ya tonse ilipo kale m'dziko muno, ndipo m'madera ngati kwa Mfumu Jenala m'boma la Phalombe ndiyo ikunyamula anthu, odwala ndi zokolola. Chovuta n'chakuti akuluakulu athu saiwerengera ngati mayendedwe. Akaiona amangoona chisokonezo cha pamsewu.

Kwa amene sanaonepo, za kunjazo zimayenda chonchi. Khonsolo ya mzinda, mogwirizana ndi kampani, imaika njinga zofanana zikwizikwi pa masiteji omwazikana mu mzinda monse, iliyonse yokiyidwa pa chitsulo chake. Munthu amalipira ndi khadi la ku banki kapena pa foni, loko n'kutseguka, iye n'kupalasa ulendo wake wa mphindi 20 kapena 30, n'kukaikiya pa siteji ina pafupi ndi kumene akupita. Saigula, saisunga kunyumba, samata chubu. Ku Paris zinayamba mu 2007 pa dzina loti Vélib', ku London mu 2010, ndipo kuno ku Africa mzinda wa Marrakech ku Morocco unayamba mu 2016, wa Kigali ku Rwanda mu 2021.

Amene anazikwerapo amakonda kusimba zokoma zokhazokha. Koma afunseni bwino. Adzakuuzani kuti m'mawa siteji ya pafupi ndi nyumba imapezeka ili mbee, njinga zonse zalowa m'tauni, ndipo ukapeza imodzi n'kufika nayo m'taunimo umapeza siteji yadzaza, pokiya palibe, ndiye kumangozungulira nayo uku nthawi ikukudyera ndalama. Ku Paris anthu anazolowera kutembenuza chishalo kuti chiyang'ane kumbuyo, kuchenjeza wobwera pambuyo kuti njingayi ndi yofa. Ndipo pamakhala malole ongoyendayenda usana ndi usiku, kuchotsa njinga kumene zaunjikana kupititsa kumene zasowa, komanso amakaniko olandira malipiro mwezi ndi mwezi. Mlendo amaona njinga yokha. Gulu la antchito limene lili kumbuyo kwake saliona, n'chifukwa chake akabwera kuno amaganiza kuti nkhani yonse ndi kugula njinga basi.

Azunguwo nawo anapunthwa kangapo. Mu 1965 achinyamata a gulu lotchedwa Provo ku Amsterdam anapaka njinga utoto woyera n'kuzisiya m'misewu zosakiya kuti aliyense azikwera. Apolisi anazilanda ndipo nkhaniyo sinapite patali. Ku Copenhagen mu 1995 anayesa zoti munthu aziponya ndalama yachitsulo ya 20 kroner kuti njinga imasuke, ndalamayo n'kumubwerera akabweza njinga. Akuba anawerengera n'kuona kuti njinga ya 20 kroner ndi yotchipa. Ku Paris njinga zikwi zingapo zinabedwa kapena kuonongedwa m'zaka zoyambirira, zina kuzivuula m'madzi. Ku China makampani ngati Ofo anamwaza njinga mamiliyoni m'mizinda, ndipo pofika 2018 zinali zitaunjikidwa milumilu ngati zinyalala, anthu ambirimbiri akulirira ndalama zawo za chikole zimene sizinabwezedwe. Kumene zakhalitsa ndi kumene wokwera amadziwika dzina, ndipo pali wina woti njinga ikafa ayankhe.

Tsopano tiyeni kwa Jenala. Ili ndi dera la m'chigwa, mbali ya ku nyanja ya Chilwa, kumene mapiri a Mulanje ndi Michesi umangowaonera patali. Dziko lake ndi lafulati, lokomera njinga, kupatula nthawi ya dzinja pamene dothi la makande limamatirira pa tayala mpaka munthu kutsika n'kuyamba kulikokota ndi kamtengo. Pa tsiku la msika pa Chitekesa, werengani galimoto kenaka muwerenge njinga. Matumba a nandolo, mpunga, mpendadzuwa, madengu a matemba, malata, mbuzi yomangidwa pa keliyala, mayi wodwala atakumbatira m'chiuno mwa mlongo wake, zonsezi zikubwera pa matayala awiri.

Si banja lililonse lili ndi njinga, choncho njinga imodzi imatumikira makomo ambiri. Pali kubwereka kwa mnansi, ndipo kuli ndi malamulo ake ngakhale sanalembedwe: chubu chikaphulikira m'manja mwako umamata wekha, sipoko ikaduka umanena, ndipo pobweza subwera chimanjamanja, umaikapo kamulu ka tomato kapena ka matemba. Akulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, n'chifukwa chake wobwereka amaipalasa mwaulemu kuposa mwini wake. Pali hayala, pamene munthu wa njinga ziwiri kapena zitatu amapereka kwa anyamata kuti azigwirira ntchito n'kumamupatsa kangachepe madzulo aliwonse. Ndiye pali kabaza, amene tonse tikumudziwa: khushoni pambuyo, popondera mapazi, nambala yolembedwa ndi penti, siteji yake pansi pa mtengo, tcheyamani wake, ndi mzere woti wafika poyamba anyamule poyamba. Katundu wako akasowa m'manja mwa wakabaza sulira ndi mphepo, umapita kwa tcheyamani wa pa siteji ndipo dzuwa lisanalowe mnyamatayo amakhala wadziwika.

Taonani bwino apa. Chimene khadi la ku banki limachita ku London, kwa Jenala chimachitidwa ndi kudziwana. Khadi lija ntchito yake ndi kugwira munthu wosadziwika kuti asathawe ndi njinga. Kumudzi wobwereka amadziwika kwawo, amalume ake amadziwika, nyakwawa yake imadziwika. Ndipo ntchito ya malole osamutsa njinga aja wakabaza amaigwira yekha, chifukwa akakutsitsa amabwerera nayo njinga pa siteji. Chitsulo chokiyira sichikufunika, magetsi sakufunika, ndipo ndalama yonse imatsala m'mudzi momwemo: kwa wopalasa, kwa womata machubu, kwa mayi wogulitsa zitumbuwa pa siteji.

Inu amene munachoka m'dziko muno kale mukukumbukira basi za UTM zimene zinkalowa mpaka m'misewu ya fumbi. Kampaniyo inagulidwa ndi Stagecoach mu 1989, mu 1997 n'kusanduka Shire Bus Lines, kenaka n'kugweratu. Minibasi zimene zinatenga malo zimatsata phula ndi phindu, ndipo palibe angaziimbe mlandu pa ichi. Mpata umene unatsala palibe nduna inaukonzera ndondomeko. Anautseka ndi anyamata a kabaza. Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale unatenga zaka zoposa khumi kuti uthe, ndipo nthawi yonseyo anthu sanaleke kuyenda. Namondwe wa Freddy atakokolola misewu ndi milatho m'Malichi 2023, galimoto zinaima koma njinga ankainyamula pa phewa, kuoloka nayo, tsidya linalo n'kukweranso.

Sindikunena kuti zonse za kumudzi zikuyenda bwino. Pali njinga ina ya tonse imene yalephera kambirimbiri, ndipo kulephera kwake kukufanana ndi kwa ku Amsterdam kuja. Ndikunena njinga za ambulansi, zokoka ngolo ya machira, zimene mabungwe akhala akugawa m'midzi ya m'maboma ambiri. Tsiku lopereka pamakhala magule, zolankhula ndi zithunzi. Papite chaka chimodzi kapena ziwiri, pitani kuseri kwa nyumba ya amfumu kapena kwa chipatala chaching'ono: ngolo ili gone, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zikuikiramo mazira. Mukafunsa akuuzani kuti "ndi ya bungwe" kapena "ndi ya boma". Palibe anapatsidwa udindo woikonza, palibe thumba logulira tayala. Chimodzimodzi mijigo: umene uli ndi komiti yotolera ndalama ndi mmisiri wodziwika umatulutsa madzi zaka ndi zaka, umene unangokumbidwa n'kusiyidwa mbuzi zimagonapo. A World Bicycle Relief, eni njinga za Buffalo zija keliyala yake imanyamula makilogalamu 100, anazindikira ichi, ndipo kumene agawa njinga amaphunzitsanso amakaniko a m'dera lomwelo.

Nanga m'tauni? Kuno ndiye kuli zodabwitsa. Munthu yemweyo amene akuyamikira njinga za ku London, akakhala pa chiongolero cha galimoto yake n'kukumana ndi wakabaza ku Mchesi kapena ku Chibavi, amaimba hutala ndi kutukwana. Makhonsolo a mizinda yathu akhala akulengeza kangapo konse kuti a kabaza asafike pakati pa tauni, ndipo njinga zolandidwa zimaunjikidwa ku polisi mpaka mwini apeze ya chindapusa. Kodi njinga imakhala ya chitukuko pokhapokha ikapalasidwa ndi munthu wa tayi? Ikapalasidwa ndi mnyamata wa ku Phalombe amene wabwera m'tauni kudzasaka ya sopo, basi yasanduka nyansi?

Odana ndi kabaza ali ndi mfundo zawo ndipo tizimve. Ngozi zilipodi. Chichulukireni njinga zamoto, madokotala a ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo ndi ovulala m'mutu. A njinga zakapalasa nawo ambiri amayenda usiku opanda nyali, mabuleki ali oyendera chikhulupiriro. Koma funsani kuti wopalasa njinga ayende pati. M'misewu yathu yambiri phula limathera pomwe pathera tayala la lole, m'mbali muli chigwembe, ndiye wanjinga asankhe pakati pa kugundidwa ndi kugwera m'ngalande. Mizinda ya kunja ija inajambulira njinga njira zake. Ife tikufuna titenge njinga zawo n'kuziponya m'msewu wa Chipembere nthawi yoweruka?

Mfundo ina ndi yakuti kabaza ndi ntchito yowawa, ndipo tisaikometsere pakamwa ife okwera pambuyo. Kukoka munthu wamkulu ndi thumba lake pa dzuwa la mu Okutobala kumadya maondo ndi msana, ndipo amene njinga si yake amayamba wagwirira mwini njinga asanaone yakeyake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tayala, tcheni ndi chubu, zonse zochokera kunja, zinakwera mtengo, koma wokwera amafunabe kunenerera ngati kale. Komanso pali anthu ofuna kupalasa okha osati kunyamulidwa: mwana wa sukulu ya sekondale yoyendera, mphunzitsi, namwino, mayi wa geni. Amayi a ku Phalombe ndi ku Mulanje amapalasa njinga atavala chitenje, mwana ali kumsana, popanda wowadabwa. Kwa anthu otere njinga yobwereka pa ola kapena pa tsiku ingathandizedi.

Choncho sindikukana kuti tiyese. Ndikukana zoti tiyambe ndi zitsulo zokiyira, makompyuta ndi ulendo wa makhansala wokaphunzira ku Ulaya. Ku Blantyre, ndi zitunda za ku Ndirande, Soche ndi Bangwe, njinga zonse zingatsikire m'tauni m'mawa popanda wozikweza madzulo. Koma ku Zomba zingatheke. Ine ndinapondako pa Chirunga ndisanasiyire panjira, ndipo ndikudziwa mmene ophunzira ogona ku Chikanda ndi ku Matawale amayendera wapansi m'mawa ndi madzulo. Ikani njinga makumi angapo m'manja mwa masiteji a kabaza amene alipo kale, tcheyamani azisunga kaundula, wobwereka azisonyeza chiphaso cha sukulu kapena cha unzika, azilipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo gawo la ndalamazo lizipita kwa makaniko wodziwika dzina. Pamenepo wakabaza sakulandidwa nsima pakamwa, akuonjezeredwa ndiwo.

Kwa makhonsolo, zofunika sizodula. Lembani masiteji a kabaza m'kaundula ndi kuwapatsa malo odziwika mmalo mowathamangitsa. Nenani poyera ndalama imene ayenera kulipira ndipo pazikhala lisiti. Msewu uliwonse watsopano uzikhala ndi m'mbali motakasuka moyenda njinga, makamaka pa milatho ndi pa misika. Boma liunikenso misonkho ya zipangizo za njinga. Ndipo aphungu athu, amene amakonda kugawa njinga nthawi ya kampeni, atiuze kuti pa ndalama za chitukuko cha m'dera, za CDF zija, ndi zingati zinagulapo tayala la njinga ya ambulansi.

Khonsolo ya Phalombe ikhoza kuyamba mwezi uno popanda kudikira wopereka thandizo. Itume alangizi a zaumoyo, amene midzi ya kwa Jenala amaidziwa khomo ndi khomo, awerenge njinga za ambulansi zimene zikuyenda ndi zimene zinafa, alembe chimene chinaonongeka pa iliyonse ndi dzina la woikonza, ndipo pepalalo alimate pa chitseko cha chipatala cha Chitekesa kuti aliyense awerenge.