Chibwenzi cha abwana chikalowa mu ofesi

Anthu awiri kukondana pantchito si mlandu. Mabanja ambiri anayambira pomwepo. Zimavuta mmodzi akakhala bwana wa mnzake. Ulendo wa kumsonkhano ku Mangochi ukangotuluka, dzina la chibwenzi cha abwana lili pamwamba, alawansi ndi yake. Anzake sanena kanthu, koma lipoti limayamba kuchedwa, ndipo pamsonkhano aliyense maso ali pafoni. Pomwa tiyi, wojedwa ndi mayiyo, ngakhale ntchito akuidziwa kuposa onse. Abwana satchulidwa n'komwe. Zimenezi zimandiwawa.

Ndiye pali mtsikana amene anakana abwana atamufunsira. Iyeyo amasamutsidwa, kapena kontrakiti yake ikatha basi, kwawo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuvutitsa munthu pankhani zogonana ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1 miliyoni komanso zaka 5 kundende. Koma akadandaule kwa yani, ngati wolandira madandaulo amamwera limodzi ndi abwanawo Lachisanu lililonse? Eni makampani, khazikitsani komiti ya amayi ndi abambo yomwe malipiro ake sadikira siginecha ya munthu wodandauliridwayo.