Za Umoyo Wathu: Zikope zikamayabwa m'mawa uliwonse

Ambiri a ife kuno ku UK timagwira ntchito za usiku, ena kosamalira okalamba, ena m'mafakitale. Ndiye maso akafiira n'kuyamba kuyabwa timangoti ndi tulo, kapena ndi hita ya m'nyumba. Timathamangira ku famase kukagula mankhwala odonthezera, zimakhala ngati zachepa, koma pakapita milungu iwiri zabwereranso. Si nthawi zonse pamene vuto limakhala kutopa ayi.

Pali matenda amene achipatala amawatchula kuti blepharitis, kutanthauza kutupa kwa m'mphepete mwa zikope, paja pamamera nsidze za m'zikope. Munthu amadzuka zikope zitamatana ndi manthongo ouma, m'maso muli ngati mwalowa mchenga. Zoyambitsa zake ndi zingapo, monga mabakiteriya ndi khungu la mfundu, koma chimodzi chimene ambiri sitinachimvepo ndi tizilombo totchedwa Demodex.

Tizilomboti ndi ta mtundu umodzi ndi nkhupakupa komanso tija timayambitsa mphere. Tili ndi miyendo 8, ndipo kutalika kwake sikufika theka la milimita, choncho ndi maso okha simungatione. Dokotala wa ku Germany, Gustav Simon, anatifotokoza kalekale mu 1842. Pa munthu pamakhala mitundu iwiri: wina umakhala m'timayenje momwe mumamera tsitsi, wina umalowa mkati mwa timatumba topanga mafuta m'zikope. Timadya mafuta ndi khungu lakufa, timayendayenda usiku, ndipo moyo wake ndi wa milungu iwiri kapena kupitirira pang'ono. Tikachuluka timasiya timfundu tozungulira tsinde la nsidze ngati mphete. Ichi ndicho chizindikiro chimene oyeza maso amayamba kufufuza.

Apa tinene mosabisa, chifukwa timadziwana mmene timalankhulirana tikakumana ku tchalitchi ndi ku maphwando. Izi si nsabwe, ndipo si umve. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nato tizilomboti pankhope, ndipo timawonjezeka munthu akamakalamba. Amene akukuyang'anani monyodola nayenso ali ndi take. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ena timachuluka mpaka chikope n'kutupa. Manyazi amenewa ndiwo amachedwetsa anthu, mpaka nsidze kuyamba kuthothoka kapena kupindikira mkati n'kumakanda diso. Akuluakulu akaona nsidze zopindika amakumbuka trachoma ya kumudzi, imene bungwe la WHO linalengeza mu 2022 kuti Malawi yaigonjetsa. Amenewo ndi matenda ena, a mabakiteriya.

N'chifukwa chakenso mankhwala a chloramphenicol aja timagula ku famase sathetsa nkhaniyi. Amapha mabakiteriya, Demodex sauona n'komwe. Nanga zija tinakula nazo, zodonthezera mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba m'diso? Chonde tizisiye. Mafuta a tea tree nawo ambiri amawatama, ndipo n'zoona kuti muli mankhwala opha tizilomboti, koma a m'kabotolo osasungunula amawotcha diso. Ngati mukuwafuna, gulani timapepala topukutira zikope topangidwira ntchito imeneyi.

Chithandizo chenicheni n'chotopetsa, tisanamizane. Viikani kansalu koyera m'madzi ofunda, muthowe zikope mutatsinzina kwa mphindi 5 mpaka 10 kuti mafuta ouma asungunuke. Kenako sisitani chikope pang'onopang'ono ndi chala molunjika ku nsidze, n'kupukuta m'mphepete mwake ndi thonje lonyowa. Muzitero tsiku lililonse kwa milungu ingapo, ndipo ngakhale zitachepa musalekeretu, poti vutoli limakonda kubwerera. Tikudziwa kuti munthu wochokera ku shifiti ya maola 12 amangofuna bedi, koma mphindi 10 zimenezi zimaposa kugula botolo lina la mankhwala. Mapilo ndi matawulo azichapidwa ndi madzi otentha. Amayi, mascara si yobwerekana ngati chitenje, ndipo nsidze zomata zija timavala pa maukwati zimalepheretsa kutsuka bwino tsinde la chikope. Zisiyeni kaye mpaka muchire.

Abale athu a ku America ali ndi mwayi wina. Mu 2023 bungwe la FDA linavomereza mankhwala odonthezera otchedwa Xdemvy, opangidwira Demodex weniweniyo, amene amadonthezedwa kawiri pa tsiku kwa milungu 6 dokotala akalemba.

Kunoko poyambira ndi kwa optician, amene ali ndi makina okulitsa oonera nsidze, ndipo simufunika kalata ya GP kuti akuoneni. Ku Scotland kuyezetsa maso ndi kwaulere kuyambira 2006. Ku England funsani kaye mtengo musanapite. Koma diso likayamba kupweteka kwambiri, kuopa kuwala, kapena mukamaona mwachimbuuzi, musadikire tsiku la ofu. Imbani 111 tsiku lomwelo.