Mwendo Wapola? Yambani na Mtenguleni, Comrades Izakuyembekezani

Imwe amene mumauka 05:00 kuthamanga mu Great East Road, manje muli pa mpando na mwendo wotupa, nkhani ya lelo ni yanu.

Choyamba, dziwani vamene vikuwawa. Ngati msongolo uwawa ponseponse koma usiya mukapumula, kambili ni minofu yatopa chabe. Koma ngati ululu uli pamalo amodzi pa fupa, mukakanikiza na chala mulumpha, olo usiku pogona uwawa, pitani ku chipatala. Fupa lingakhale lang'aluka, ndipo limafuna masabata 6 mpaka 8, nthawi zina kupitilila. Kumwa Brufen kuti muthamange ni kuzinamiza: ululu ubisala, fupa lipitiliza kuonongeka, ndipo pa mtunda utali, thupi likauma madzi, mapilisi aya amavutitsa impso.

Muganiza mwatha? Onani Muzala Samukonga. Mu 2023 kuvulala kunamuletsa kuthamanga pa mpikisano wa dziko lonse ku Budapest. Chaka chotsatila ku Olympics ya ku Paris anatenga bronze mu 400m. Anayembekeza mwendo, mwendo unamubwezela.

Pamene muyembekeza, musangokhala. Kuno ku Chipata njinga siisowa. Dokotala akavomela, palasani: mtima na mapapo vigwila nchito, fupa silimenyeka pansi. Mukakwanitsa kuyenda mphindi 30 kopanda ululu, yambani kusakaniza: thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi zinayi. Tsiku lotsatila pumulani, mumvele mwendo. Sabata iliyonse onjezelani pang'ono chabe. Sankhani njila za dothi, phula ni youma maningi. Mapili a Chipata asiyeni poyamba, makamaka kutsika, chifukwa ndiye pamene mawondo amalila. Futi nsapato za pa salaula muziyang'ane pansi; ngati chidendene chinadyeka mbali imodzi, zisiyeni olo mtengo utsike bwanji.

Manje za maloto. Ambili mufuna Comrades ya ku South Africa, pakati pa Durban na Pietermaritzburg, imene inayamba mu 1921. Ni makilomita pafupifupi 90, monga kuchoka ku Chipata kufika ku Katete, ndipo muyenela kutsiliza m'maola 12. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana katatu motsatizana, 2009 mpaka 2011, so anthu a kuno kwathu angakwanitse. Koma sakulolani kuyamba musanatsilize marathon ya makilomita 42 m'nthawi imene aika. Apo ndiye muone kuti makwelelo salumphidwa.

Ikani cholinga chapafupi. Nc'wala imachitika Loweluka lothela mu Febuluwale ku Mtenguleni. Anzanu akathina m'maminibasi, imwe mukafike kumeneko na miyendo yanu, kuthamanga na kuyenda, madzi m'manja, mnzanu wa njinga kumbuyo. Nyamukani kukangocha, tsiku ilo magalimoto amachuluka, ndipo muziyenda mbali yoyang'anana nawo. Mukakafika Inkosi ya Makosi Mpezeni asanalawe zokolola zatsopano, mwendo osadandaula, mwapambana. Pambuyo pake ganizani za 42, kenako Two Oceans ya makilomita 56 ku Cape Town.

Welengani masabata amene atsala kufika pa Nc'wala. Ngati ni ochepa kuposa amene dokotala anakupatsani, kwelani minibasi, mukathamange chaka chamawa.