Makina Akufuna Namkungwi, Alembi Tili Kuti?

Tsiku lina tikucheza alembi okhaokha, mnzanga wina wandakatulo anandiseka atamva kuti masiku ano ndimalembera makina malangizo. Iye anati ndachotsa ulemu cholembera changa, ndasanduka kalaliki wa kompyuta. Anthu anafa nacho chiseko, ine n'kungoti chete. Lero ndafuna ndimuyankhe, iye pamodzi ndi onse oganiza ngati iye, chifukwa kunyoza kumeneku kudzatipweteka tonse.

Ndiyambe ndi kufotokoza chinthucho, poti ambiri akunyoza chimene sanachione. Pamene ChatGPT inkatuluka mu November 2022, ntchito yake inali kungoyankha mafunso. Lero makina a AI amatumidwa ngati munthu: amatsegula mafayilo, amawonkhetsa ndalama, amakonza zolembedwa, n'kubwera ndi ntchito yomalizidwa. Pa Chingerezi amawatcha ma agent, ine ndimangoti atumiki. Koma mtumiki wotereyu ali ngati mlendo wophunzira kwambiri amene wafika m'mudzi usiku. Za dziko lonse akuzidziwa, koma njira ya kuchitsime sakuidziwa.

Mu October 2025 kampani ya Anthropic ya ku America inatulutsa njira yomulangizira mlendoyu yotchedwa Agent Skills, ndipo mu December chaka chomwecho inailengeza kuti aliyense akhoza kuitsatira. Luso lililonse limasungidwa mu foda yokhala ndi fayilo yotchedwa SKILL.md. Pamwamba pa fayiloyo pamalembedwa dzina la zilembo zosapitirira 64, ndi mawu ofotokoza ntchito ya lusolo, a zilembo zosapitirira 1,024. Pansi pake pamabwera malangizo enieniwo, olembedwa m'chilankhulo cha anthu. Mtumiki amayamba waona dzina ndi mawu ofotokozawo basi. Akaona kuti zikugwirizana ndi ntchito imene wapatsidwa, ndi pamene amawerenga malangizo onse, ndipo mafayilo ena owonjezera amawatsegula pokhapokha akafunika. Mukalemba kamodzi, malangizowo amagwira ntchito mawa ndi mkuja.

Tsono ndikufunseni, alembi anzanga: kusankha mawu ochepa oti anyamule nkhani yonse, kudziwa choyamba kunena ndi chosiyira mtsogolo, kuganizira wowerenga amene sangakuimitseni kuti akufunseni, imeneyi ndi ntchito ya yani? Si yomwe timaichita usiku ndi usana?

Ine ndinaphunzira izi mochititsa manyazi. Luso langa loyamba linali lokonza kalembedwe ka Chichewa m'nkhani zimene ndimapatsidwa. Malangizo ndinawalemba bwino ndithu, koma pamwamba paja ndinangoti ndi luso lothandiza pa zolembalemba. Mtumiki sanalitsegule n'komwe. Vuto silinali la makina, linali langa: ndinalemba mutu wosanena kanthu, cholakwa chomwe ndimadzudzula nacho alembi ongoyamba kumene. Nditalemba kuti lusoli ligwiritsidwe ntchito pokonza masipelo ndi zizindikiro m'nkhani ya Chichewa, linayamba kutsegulidwa. Kenaka ndinaonanso kuti lamulo lopanda chifukwa chake limatsatidwa mwaumbuli. Kungolamula kuti asachotse kachizindikiro ka pa ng' sikunakwanire. Ndinayenera kufotokoza kuti ng'oma ndi yoimba pomwe ngoma ndi nyama ya m'tchire. Namkungwi wabwino salamula chabe, amamasulira mwambo.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Makinawa anaphunzira kuchokera ku zolembedwa za pa intaneti, kumene Chingerezi ndi nyanja pomwe Chichewa ndi kachithaphwi. N'chifukwa chake nthawi zina amatula Chichewa chovala jekete la Chingerezi, chotchula agogo kuti iwe. Komatu malamulo tili nawo. Bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, linatisiyira malamulo a kalembedwe a 1990, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba inapitiriza ntchitoyo kuyambira mu 1996. Timadziwa kuti r amatsatira e ndi i, monga mu lero ndi kulira, pomwe l amatsatira a, o ndi u. Timadziwa kuti ana amakhala awiri, mitengo iwiri, nyumba ziwiri. Zonsezi zikhoza kulowa mu fayilo imodzi. Ife tikakana kuzilemba, adzazilemba munthu amene Chichewa anangochiona pa kompyuta, ndipo kalata ya kuchipatala ndi uthenga wa ulimi zidzafika kumudzi m'chilankhulo chopunduka. Pamenepo tidzadandaulira yani?

Mnzanga uja ali ndi mfundo imodzi imene sindingaikankhire kumbali. Iye amati tikalemba luso lathu lonse, makina adzatilanda ntchito. N'zoona, mkonzi amene wathira m'fayilo nzeru zake za zaka 20 akhoza kuuzidwa kuti asabwerenso Lolemba. Walira mvula walira matope. Koma yankho lake si kubisala kuseri kwa ndakatulo. Yankho ndi kumenyera kuti malangizowa atengedwe ngati ntchito ya mlembi: yokhala ndi mwini, yolipiridwa, yosainirana pangano. Tili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, tilinso ndi COSOMA. Bwanji bungwe lathu osayamba kukambirana nkhaniyi tsopano, madzi asanafike m'khosi?

Palinso chifukwa china chofunira anthu odziwa kuwerenga mwatcheru. Foda ya luso ikhoza kusunganso mapologalamu oti makina ayendetse, ndipo munthu wachinyengo akhoza kubisamo mawu otuma mtumiki kutulutsa zinsinsi za mwini wake. Eni njirayi amachenjeza okha kuti tizitenga maluso kwa anthu odalirika ndi kuwawerenga tisanawagwiritse ntchito. Nanga wodziwa kununkhiza mawu okhala ndi mbedza ndani kuposa ife, amene tinakulira pa mikuluwiko ndi zining'a?

Sindikunena kuti tisiye ndakatulo ndi nthano. Ndikunena kuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ichi chafika kale pakhomo. Mnzanga wandakatulo, tenga tsamba limodzi, ulembepo m'mene umadziwira kuti chiganizo cha Chichewa chapsa kapena chikadali chachiwisi, molunjika moti mlendo angatsatire. Ukadzalimaliza tsamba limenelo, udzabwere undiuzenso kuti ndi ntchito ya kalaliki.