Ndowa si sikelo, alimi anzanga

Nyengo yokolola ikafika, mavenda amadzaza m'misika yakumudzi ndi ndowa zawo. Mlimi amathira chimanga, venda n'kugwedeza ndowayo, kenako amawonjezera china mpaka pamwamba patapangika kaphiri. Ine, monga mphunzitsi wa sayansi pasekondale ina yakumudzi, ndimaona kuti pamenepa mlimi akuluza ndalama pankhani yomwe mwana wake amaphunzira m'kalasi.

Timaphunzitsa ana kuti zinthu zimapezeka m'magulu atatu: zolimba monga mwala, zamadzimadzi monga mafuta ophikira, ndiponso mpweya monga nthunzi. Cholimba chimasunga maonekedwe ake. Chamadzimadzi chimatengera chiwiya chomwe mwachithiramo, koma kuchuluka kwake sikusintha: lita imodzi m'botolo ndi lita imodzi ndithu m'poto. Mpweya ndiye umangofalikira paliponse pomwe wapeza mpata.

N'chifukwa chake kuyeza mafuta ndi malita kulibe vuto. Chimanga ndiye nkhani ina. Chimakhuthuka ngati madzi, komatu njere iliyonse ndi yolimba, ndipo pakati pa njerezo pamatsala mipata ya mpweya. Venda akagwedeza ndowa, njere zimathithikana, mipata ija n'kuchepa, ndipo mumalowanso chimanga china chomwe salipira. Kaphiri kapamwamba kaja nakonso n'kotheka chifukwa chimanga n'cholimba. Madzi simungawaunjike chotero.

Ndowa imatiuza kukula kwa malo omwe chinthu chatenga, zomwe pa Chingerezi timati volume. Sitiuza kulemera. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho madzi a m'ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20. Koma chimanga chouma chodzaza ndowa yomweyo, popanda kaphiri, chimalemera makilogalamu 14 kapena 15 basi. Thumba la makilogalamu 50 limafuna ndowa zoterezi pafupifupi zitatu ndi theka.

Nanga ndowa ikakhala yokulirapo pang'ono? Apa maso amatinamiza. Tiyerekeze ndowa ziwiri zotalika mofanana, koma ina ndi yotambasuka kuposa inzake ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Kuziyang'ana, kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni. Komabe yotambasukayo m'malo mwa malita 20 imalowa malita opitirira 24. Mukagulitsa ndowa zisanu, imodzi mwapereka yaulere.

Palinso nkhani ya chinyezi. Chimanga chongokolola kumene chimakhala ndi madzi ambiri m'kati mwa njere. Tikachiyanika, madziwo amasanduka nthunzi n'kupita mumlengalenga. Kuti chisungike osachita nkhungu, chinyezi chiyenera kutsika kufika pa magawo pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse. Ogula amadziwa zimenezi, ndipo chimanga chosauma amachigula motchipa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yanikani kaye.

Poyanikapo ndi pomwe kukula kwa malo, kapena kuti area, kumagwira ntchito. Madzi amathawira pamwamba pomwe pakuomba dzuwa ndi mphepo, ndiye chimanga chounjika chimachedwa kuuma. Malo a mamita awiri mulitali ndi awiri mulifupi ndi masikweya mita anayi. Mukawakulitsa kukhala mamita anayi mbali zonse, ndi masikweya mita 16. Malo akula kanayi, osati kawiri monga ambiri amaganizira.

Tsono tichite chiyani? Pomwe pali sikelo, gulitsani pa sikelo, ndipo funsani ngati inayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe ndi ntchito yake kuona za miyezo. Mungathenso kuiyesa nokha: chigubu cha madzi cha malita asanu chiyenera kupitirira makilogalamu asanu pang'ono chabe, chifukwa cha kulemera kwa chigubucho. Ngati n'kofunika kugwiritsa ntchito ndowa, tengani yanu ya kunyumba, mwana wanu aiyeze ndi botolo la malita awiri. Mabotolo khumi akuyenera kuidzaza. Mtengo mugwirizane musanathire, ndipo za kaphiri mukambirane poyera.

Makolo, fizi munkalipira ndi chimanga chomwechi. Mufunseni mwanayo zomwe waphunzira, ndipo tsiku lamsika mupite naye.