Paipi yosadziwika musaidule msanga

Mu mzinda wa Dar es Salaam anthu akukumba pansi pa nyumba masiku onse, ena kufuna chipinda chosungiramo katundu, ena kukonza simenti yosweka. Nthawi zambiri pikisi imagunda paipi yakale imene ngakhale mwini nyumba saidziwa. Funso limene amisiri ndi alangizi a m'madera amakumana nalo ndi ili: paipi imeneyi inali yanji, nanga ikugwirabe ntchito?

Mbiri ya mzindawu imathandiza kuyankha. Ajeremani anausandutsa likulu lawo mu 1891, Angelezi nadzautenga mu 1916, ndipo boma lililonse linasiya zake m'nthaka. Madzi a mtsinje wa Ruvu anayamba kufika mumzinda kuchokera ku Upper Ruvu mu 1959, ndi ku Lower Ruvu mu 1976. Mipope ya zonyansa ya pakati pa mzinda inayalidwa m'zaka za m'ma 1950 ndipo imakathira m'nyanja, koma nyumba zambiri sizinalumikizidwe kumeneko. Zimadalira zimbudzi zokumba ndi matanki. Ulamuliro wa madzi nawonso unasinthasintha: DAWASA inakhazikitsidwa mu 1997, kampani ya City Water inayendetsa ntchitoyi kuyambira 2003 mpaka 2005, kenaka DAWASCO, imene inaphatikizidwa ndi DAWASA mu 2018. Pamwamba pa izi pali mipope imene eni nyumba anadziyalira okha kuchokera ku zitsime, yosalembedwa pa mapu alionse.

Choyamba, yang'anani chimene paipiyo inapangidwira. Tengani maginito. Akamatirira, paipiyo ndi yachitsulo. Akakana, palani pang'ono ndi kiyi. Ikaoneka yofiirira, ndi mkuwa. Ikakhala yofewa, yotuwa, koma nkung'anima pamene mwapalapo, ndi mtovu, ndipo madzi odutsamo ndi oopsa makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera. Paipi yadongo lootcha, yolumikizidwa m'zidutswa zifupizifupi, kawirikawiri imakhala ya zonyansa. Yotuwa ngati simenti koma yoonetsa timaulusi posweka, ingakhale ya asibesitosi. Imeneyo musaipale, musaicheke, pakuti fumbi lake limawononga mapapo ndipo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri.

Chachiwiri, onani kukula ndi kagonedwe kake. Paipi yobweretsa madzi m'nyumba imakhala yaing'ono, mwina theka la inchi kapena inchi imodzi. Yotulutsa zonyansa za m'chimbudzi imakhala ya mainchi 4 kapena kuposa, ndipo imatsetsereka kulowera kunja. Thirani madzi a utoto m'chimbudzi, mukavundukule dzenje loyang'anirapo kubwalo. Utotowo ukatulukira kumeneko, njira yake mwaidziwa. Ya madzi akumwa imayesedwa ndi kamtengo: gunditsani nsonga imodzi pa paipi, ina kukhutu, mnzanu atsegule mpopi. Ngati mukuyenda madzi, mudzamva kulira kwake.

Chachitatu, kumbukirani kuti si paipi iliyonse imanyamula madzi. Zina zimabisa mawaya a magetsi. Gasi wa ku Songo Songo anafika ku Ubungo mu 2004, ndipo kuchokera pamenepo mipope yake inafalikira ku mafakitale. Paipi ya mafuta ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, yakhala ikuchoka mumzinda uno kupita ku Ndola kuyambira 1968. Alimi a m'mbali mwa njira yake asakumbe zitsime kapena ngalande pafupi ndi zizindikiro zake.

Kulakwitsa kuno kumapha. Paipi ya zonyansa ikasweka pafupi ndi ya madzi akumwa, uve umalowa m'mpopi pamene madzi aphwa, ndipo umu ndi mmene kolera amayendera. Mliri wa mu 2015 unayambira mu mzinda womwe uno. Kukumbako pakokha nkoopsa. Pa 16 November 2024 nyumba yosanja inagwa ku Kariakoo ndi kupha anthu oposa 20, ndipo malipoti ananena kuti pansi pake panali kuchitika ntchito yokulitsa zipinda.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mukapeza paipi yachilendo, imitsani ntchito, ijambuleni, funsani okalamba a pamalopo, ndipo itanani a DAWASA, a TANESCO kapena pulambala wodziwa ntchito. Mukaidziwa, lembani kamapu kake papepala, mukasunge pamodzi ndi makalata a nyumba, kuti amene adzakumbe pambuyo panu asadzayambirenso kulota.