Pa Januwale 1 tiphike keke ya uchi wathu

Aphunzitsi anzanga ndi makolo, Ayuda akamalowa chaka chawo chatsopano, Rosh Hashanah, mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, amaviika kachidutswa ka apozi mu uchi n'kudya, pofunirana chaka chokoma. Ambiri amaphikanso keke ya uchi ndi maapozi. Mwana akalawa, mafuno abwinowo sawaiwala.

Kunena zoona, mwambo umenewu ukutichititsa manyazi. Uchi tili nawo konkuno ku Niassa. M'nkhalango za ku Mecula, Ayao ofula njuchi amaitana mbalame ya nsadzu, imene iwo amati sego, ndipo imawalondolera ku mtengo wa njuchi. Asayansi anachita kulemba zimenezi mu 2016. Koma ife kuno ku Sanjala, pa Januwale 1 timangokhutitsa ana maswiti ndi zakumwa za m'mabotolo.

Ena munena kuti uchi ndi wodula, bola shuga. N'zoona, koma kapu imodzi imakwanira keke ya banja lonse, ndipo ndalamayo imapita kwa mlimi wa njuchi wakwathu. Uchi umasunganso chinyezi, choncho keke siuma msanga, mawa lake imakoma kuposa lero.

Uvuni si wofunika. Phikani mu poto ngati chigumu, koma makala a pa chivundikiro achepe, chifukwa uchi umapserera msanga. Maapozi akasowa, nthochi zilipo. Khanda losakwana chaka lokha lisalawe uchi.

Anawo asakanize okha ufa ndi mazira, inu mukuwauza chimene mukuwafunira m'chaka chikubwerachi.